Livingstone si "mwala wamoyo": nkhani ya dzina la MacLea lomwe likusowa ngakhale ku Scotland

[Zithunzi: mzinda wa Blantyre, kenako tchalitchi cha miyala cha ku Khondowe]

Dzina la David Livingstone tinaliloweza tili ku pulayimale. Kumpoto kuli Livingstonia, sinodi yake ndi yunivesite yake, anzathu a ku Zambia anachita kutcha mzinda wathunthu. Koma makolo a munthu ameneyu, kwawo kuzilumba, sankaitanidwa choncho. Anali ndi dzina lina, la chiyankhulo cha Gaelic, lomwe lero mukhoza kuzungulira Glasgow yense osakumana ndi mwini wake: MacLea. Musathawe msanga, chifukwa pa nambala 4 dzinali lifika ku Magomero usiku womwe anthu a John Chilembwe anaukira, ndipo zimene mumve pamenepo aphunzitsi ambiri sanatiuze.

Takulandirani nonse, a kumudzi kuno, a ku Joni, ndi inu a ku UK amene mumaonera pochokera ku shifiti ya usiku. Kanikizani like tisanayambe, sizidya bandulo. Tiyeni.

Nambala 1: dzina lenilenilo.

Izi ndithamanga nazo. Mac ndiye kuti "mwana wa". Mc ndi Mac yemweyo wofupikitsidwa, ndipo zoti Mac ndi wa ku Scotland pomwe Mc ndi wa ku Ireland ndi nkhambakamwa chabe. Alembi akale ankalemba mmene afunira, ena ankangoika M ndi kachizindikiro pamwamba. N'chifukwa chake banja limodzi mulipeza litalembedwa MacLea, McLea, McLay, Maclay.

Pa tanthauzo pali mbali ziwiri. Ena amati ndi Mac an Lèigh, mwana wa sing'anga, ndipo anthu amakonda imeneyi poti David anadzakhala dokotala. Koma zikalata zakale za ku Argyll zimaonetsa dzinali likulembedwa M'Dunsleve, kenako M'Onlea, kenako McLea, ndipo ofufuza ambiri amatsamira kumeneko: mwana wa Donn Slèibhe, lomwe linali dzina la munthu. Linangoperepeseka m'kamwa mwa anthu mpaka kutsala kachidutswa.

Wina alemba kale mu komenti kuti "Cape Maclear". Ayi achimwene. Cape Maclear ndi ya Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town wobadwira ku Ireland, mnzake wa Livingstone. Dzina lina, anthu ena.

Nambala 2: kwawo.

[Mapu: kumadzulo kwa Scotland, chilumba chowonda pakati pa Oban ndi Mull]

Ichi ndi chilumba cha Lismore, m'dera la Argyll, pakamwa pa Loch Linnhe. Kalembera wa 2011 anapezapo anthu osakwana 200. M'zaka za m'ma 500 kunafika mmishonale wochokera ku Ireland dzina lake Moluag, amene anamwalira mu 592, ndipo anasiya ndodo yake yaubusa yotchedwa Bachull Mòr. Banja la akuluakulu a MacLea ndilo linkasunga ndodoyo, ndipo chifukwa cha udindo umenewo linali ndi kamalo kake kotchedwa Bachuil. Chikalata cha 1544 chochokera kwa a Campbell a ku Argyll chimatsimikiza malowo kwa wosunga ndodo. Mutu wa banjalo mpaka lero amatchedwa Baron of Bachuil, ndipo ndodo ija ikadali m'manja mwawo. Sungani mawu akuti Bachuil, tiwafunanso.

Anthu a fukoli anafalikira ku Appin, Morvern, Mull ndi kachilumba ka Ulva. Pa nkhondo ya Culloden, pa 16 Epulo 1746, anamenya pansi pa a Stewart a ku Appin, ndipo mnyamata wina, Donald Livingstone, ndiye anathawitsa mbendera ya gululo kuti isagwe m'manja mwa asilikali a boma. Mbenderayo ili ku National Museum of Scotland ku Edinburgh. David mwini analemba kuti agogo a bambo ake anafera ku Culloden komweko. Agogo ake a David, Neil, anachoka ku Ulva mu 1792 kukafuna ntchito ku fakitale ya thonje ku Blantyre, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, ndipo David anabadwira kumeneko pa 19 Malichi 1813. Blantyre wathuyu anatchedwa mu 1876 pokumbukira malo amenewo.

Nambala 3. Apa ndiye pomwe ndinapangira vidiyoyi, ndiye ndikhalitsapo, mundikhululukire.

Mwamvapo kangati pa guwa, pa mwambo wa sukulu, kapena pa Facebook, munthu akunena molimba mtima kuti "Livingstone, living stone, mwala wamoyo! Mulungu anamutcha dzina asanabadwe!" Kenako atsegula 1 Petro 2, pomwe pali mwala wamoyo ndi miyala yamoyo, mpingo wonse "Ameni!" Zimakoma kumva, sindikukana. Koma dzinali mulibe mwala, mulibenso moyo. Olo pang'ono.

Tsegulani mapu a Scotland, pakati pa Edinburgh ndi Glasgow. Muona tauni yotchedwa Livingston, ku West Lothian. Tauni yatsopanoyo inakhazikitsidwa mu 1962, koma mudzi womwe inatengerako dzina ndi wakale kwambiri. M'zaka za m'ma 1100 kunali munthu dzina lake Leving amene anali ndi malo kumeneko. Zikalata za m'Chilatini zimatchula Villa Leving, zimatchulanso mwana wake Thurstan. M'chiyankhulo cha Scots, famu kapena mudzi ndi toun. Levings-toun: kwa Leving. Basi. Ndiye chilembo cha s chomwe alaliki amachiphatika ku "stone" si cha kumeneko, ndi cha Leving, chosonyeza kuti mudziwo ndi wake. Mukaduladula dzinali molondola mupeza Leving, s, toun. Mwala uja waonekera chifukwa cha kalembedwe ka pambuyo pake, pomwe ena anayamba kuika e kumapeto.

Ndipo e ameneyo, mvetserani bwino, David mwiniwake sankamulemba. Makalata ake a zaka zoyambirira ku Africa amasayina Livingston, opanda e. Anadzamuika m'zaka za m'ma 1850, ali munthu wamkulu wa ana ake. Ndiye ngati uneneri uli mu "stone", unachedwa zaka zoposa 40.

Sindinathe. Ngakhale Leving uja si kholo la David. Pali a Livingston a mitundu iwiri. A kuchigwa, a ku Lowlands, ndiwo a kwa Leving, mabwana akuluakulu amene anadzakhala ma Earl a Linlithgow ndi Callendar. A kumapiri ndi kuzilumba, a ku Highlands, ndiwo a MacLea athu aja, alimi ndi asodzi olankhula Gaelic, amene anangovala dzina la eni ake. Analivala bwanji? Kufotokoza kofala n'kwakuti mu 1641 Mfumu Charles I inapatsa James Livingston wa ku Skirling lendi ya malo a mabishopu a Argyll, Lismore ili momwemo, ndipo a MacLea anayamba kugwiritsa ntchito dzina la bwana ameneyu. Onjezanipo kuti boma, makhoti, mabuku a tchalitchi ndi mabwana a ntchito zonse zinali m'Chingerezi. Munthu wa ku chilumba akatsikira ku Glasgow kukasaka ganyu, dzina lomveka Chingerezi linkamutsegulira zitseko kuposa lomwe kalaliki sangathe n'kulilemba komwe. Kunyumba ankaitanabe dzina la Gaelic, papepala Livingston. Mibadwo itadutsa, la papepala ndilo linatsala.

Choncho munthu akakuuzani kuti ndi Livingstone, sizikutanthauza kuti ndi m'bale wa David. A Phiri a ku Kasungu ndi a Phiri a ku Chikwawa akhoza kutchulana achimwene pa maliro, koma palibe amene angakalowe chuma cha mnzake chifukwa cha mfunda wokha. Abusa, azibambo anga, lalikani 1 Petro mmene ilili, ndi vesi yabwino payokha. Livingstone musiyeni.

Mwa njira, amene mumafunsa kuti tingathandize bwanji tchanelo ino, nambala ya Airtel Money ndi Mpamba ili pansipa, ndipo linki ya gulu lathu la pa WhatsApp ili pomwepo. Maikolofoni amene mukumvawa anagulidwa ndi inu nomwe, zikomo. Tipitirize.

Nambala 4: Magomero.

[Chithunzi: K2000 ya nkhope ya John Chilembwe]

Mwana wamkazi wa David, Agnes, anakwatiwa ndi Alexander Low Bruce wa ku Edinburgh. Banja la Bruce linatenga malo aakulu ku Magomero, omwe anadzakhala A. L. Bruce Estates. Manijala amene anamuika kumeneko mu 1893 anali William Jervis Livingstone, yemwe anthu ankamutchula kuti Listonia. Munthu ameneyu anabadwa mu 1865. Kuti? Ku Bachuil, pa chilumba cha Lismore. Anali wa banja lomwe lija losunga ndodo ya Moluag, mwana wa Baron weniweni.

Mbiri yake pa esitetiyo mukuidziwa: thangata wosatha, zikwapu, malipiro ochepa, ndi kutentha matchalitchi a udzu omwe anthu a Providence Industrial Mission ankamanga pa malowo. Usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915, anthu a Chilembwe analowa m'nyumba mwake, anamupha n'kumudula mutu, ndipo mmawa wa Lamulungu mutuwo unali pa mapemphero ku Mbombwe. Mkazi wake ndi ana sanawavulaze. Komiti yofufuza ya boma la atsamunda lomwelo inavomereza kuti ankachitira anthu nkhanza, ngakhale mwini malo, Alexander Livingstone Bruce, mdzukulu wa David, amene ankalamula zambiri, sanakhudzidwe kwenikweni.

Mabuku ena amangolemba kuti Listonia anali "m'bale wa David Livingstone". Iye ankadzitenga choncho, ndipo fuko ndi limodzi la MacLea, koma mzere wa magazi wowalumikiza sunatsimikizidwe. Nambala 3 ija mwaiona ntchito yake?

Tsono imvani izi. M'nyumbamo usiku umenewo munali khanda la miyezi yochepa, lobadwira ku Nyasaland mu 1914, dzina lake Alastair. Khanda limenelo linakula, linakhala Baron of Bachuil, ndipo mu 2003 bwalo la Lord Lyon ku Edinburgh, lomwe limaona za zizindikiro za mabanja ndi mafumu a mafuko, linamuvomereza kukhala mfumu ya Clan MacLea. Anamwalira mu 2008, mwana wake Niall ndiye analowa m'malo. Mfumu yoyamba yovomerezedwa ya fuko limeneli m'nthawi yathu ino inabadwira kuno, ndipo inapulumuka usiku wa Chilembwe. Ndiuzeni mu komenti ngati munazimvapo kusukulu, ndikufuna ndidziwe sukulu yake.

Nambala 5: nanga alipo ochuluka bwanji lero?

Ochepa. Mndandanda wa mayina ofala wa National Records of Scotland umayamba ndi Smith, Brown ndi Wilson, ndipo MacLea sayandikirako n'komwe. Chifukwa choyamba mwachimva kale: anthuwo sanathe, anangosanduka a Livingstone. Chachiwiri ndi kusamutsidwa. Ulva anali ndi anthu oposa 500 cha m'ma 1841, mwini chilumba Francis William Clark anathamangitsa ambiri pa zaka khumi zokha, ndipo pomwe anthu a m'deralo ankagula chilumbacho mu 2018 okhalapo sankakwana khumi. Ambiri a fukoli anawolokera ku Canada, ngati John mkulu wake wa David, ena ku Australia ndi New Zealand. Kalembedwe ka McLea kanakhalitsa pa chilumba cha Bute, ndipo Maclay mumupeza ku Glasgow, komwe Joseph Maclay, mwini sitima zapamadzi, anali nduna yoona za sitima pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse.

Amene muli ndi agogo a ku Scotland, ndipo ku Blantyre ndi ku Zomba alipo ndithu mabanja otero, malo oyambira ndi ScotlandsPeople, tsamba la boma. Kulembetsa kubadwa, ukwati ndi imfa kunayamba mu 1855, kalembera wokhala ndi mayina a anthu akuyambira 1841, za kumbuyo kwake muzisaka m'mabuku a tchalitchi. Yesani kalembedwe kalikonse, ndi e, opanda e, Mac, Mc.

Koma chonde musatumize ndalama kwa aja a pa intaneti ogulitsa chishango chojambulidwa kuti ndi "chizindikiro cha banja lanu". Ku Scotland chizindikiro chotere ndi cha munthu mmodzi, osati cha aliyense wa dzina limenelo. Lamulo lake ndi la 1672, ndipo bwalo la Lord Lyon lili ndi woimira boma pa milandu wakewake wothana ndi ogwiritsa ntchito cha eni. Chomwe wa fuko amaloledwa kuvala ndi kabaji ka mfumu kozunguliridwa ndi lamba, basi.

Sabata yamawa tili ndi dzina la Moir, abale awiri John ndi Frederick a African Lakes, ndi mmene magalasi a m'maso a mmodzi wa iwo anatchulitsira dera lonse la Mandala. Kanikizani subscribe ndi kabelu, ndipo vidiyoyi itumizeni kwa abusa anu Lamulungu lisanafike.