Tochi zikhale pafupi, achule atsala pang'ono kutuluka

Zikomo a tcheya, ndilankhula mwachidule poti ana ayamba kale kuvuta kumbuyoko. Abale anga, kuno ku Massachusetts sinowo ikasungunuka chakumapeto kwa Malichi kapena Epulo akangoyamba, m'nkhalangomu mumadzaza zithaphwi zimene eni dziko amati ma vernal pool, ndipo ambirife timangozidutsa poganiza kuti ndi madzi a udzudzu basi. Zithaphwi zimenezi zimauma kukatentha, ndiye nsomba sizingakhalemo, nchifukwa chake achule amakaikira mazira kumeneko poti palibe nsomba yoti idye ambululu awo.

Muzitchera khutu ku zanyengo. Kukagwa mvula usiku koma kukufundirako, madigiri 5 a Celsius kupita m'mwamba, usiku umenewo ndi umene amati Big Night, pamene achule amatuluka kupita ku zithaphwi zija, zimakhala ngati mvula yoyamba kwathu ija achule akasokosa dambo lonse. Mukamva ngati abakha akulira m'tchire mdima uli bii, si abakha ayi, ndi achule otchedwa wood frog, omwe nthawi yozizira amaundana mpaka mtima kusiya kugunda kenako kukafunda amadzuka bwinobwino, ine zimandidabwitsabe mpaka lero.

Palinso spotted salamander, kooneka ngati buluzi koma khungu lonyowa, kakuda kamadontho achikasu, pafupifupi chaka chonse kamabisala pansi panthaka ndiye mukaphonya masiku amenewa mudikira chaka chamawa. Sikaluma amayi, musachite kunyansidwa choncho!

Vuto ndi misewu. Tinyamati timabwerera ku chithaphwi chomwechomwecho chaka ndi chaka ngakhale pakati padutse tala, ndiye magalimoto amatiponda tambiri, moti ku tauni ya Amherst konkuno ku Massachusetts anachita kukumba tingalande pansi pa Henry Street mu 1987 kuti tizidutsa mmenemo. Inu a ma shifiti a usiku, mvula ikamagwa chepetsani liwiro pafupi ndi nkhalango chonde.

Ofuna kukaonerera tengani tochi, valani vesiti yowala ija, ana muwagwire padzanja. Mukafuna kuwolotsa kamodzi nyowetsani manja kaye, asakhale ndi mafuta odzola kapena sanitayiza poti khungu lake limayamwa chilichonse, mukasiye mbali imene kamalowera osati kumene kachokera. Masana mukhoza kubwerera kukaona mazira atamatirira pa timitengo m'madzimo, ena amadzasanduka obiriwira chifukwa cha ndere, jambulani pa foni koma osawazula, galunso asalowemo. Eya bambo kumbuyoko, funsani.