Shuga wanu ali m'malire: n'chiyani chimakankhira munthu ku matenda a shuga?

[Chithunzi: kapepala ka zotsatira za magazi, chala chikuloza nambala]

Mwayezetsa magazi m'mawa musanadye kanthu, ndipo pakapepala palembedwa 6.3. Adokotala akuti simunadwale shuga, koma muli m'malire. Ambiri akamva choncho amangopinda kapepalako n'kuika m'thumba, nkhani n'kuthera pomwepo. Zimenezi zimandidetsa nkhawa, chifukwa anthu awiri akhoza kukhala ndi 6.3 yemweyo, wina n'kutha zaka zambiri ali bwinobwino, mnzakeyo n'kudwala chaka chamawa. Tiyeni tione chimene chimawasiyanitsa.

Tiyambe ndi manambala. Shuga woyezedwa musanadye akafika 7.0 mmol/L, ndipo atakuyezaninso n'kupeza chimodzimodzi, amenewo ndi matenda a shuga. Malire amathera pa 6.9, koma poyambira pake mabungwe amasiyana: American Diabetes Association imayambira pa 5.6, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO pa 6.1. Palinso kuyeza kwa HbA1c, kumene kumaonetsa mmene shuga wakhalira m'miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Malire ake ndi 5.7 mpaka 6.4 peresenti. Kwina amakumwetsani madzi osungunulira shuga wa magalamu 75, n'kukuyezani pakatha maola awiri. Pa anthu 100 ali m'malire, pafupifupi 5 mpaka 10 amalowa m'matendawa chaka chilichonse. Amene ali ndi HbA1c ya 6.3 ali pachiopsezo chachikulu kuposa wa 5.7, ndipo ngati shuga wakwera pa kuyeza kwa m'mawa komanso kwa madzi a shuga kuja, ngoziyo yayandikira kwambiri.

[Chithunzi: munthu akuzunguliza tepi yoyezera pamchombo]

Apa ndiye pagona nkhani. Kapamba amatulutsa insulini, imene imatsegulira shuga njira yolowera m'minofu. Mafuta akachuluka m'kati mwa mimba ndi m'chiwindi, thupi limayamba kusaimvera insuliniyo. Kapamba ndiye amachita kutulutsa yochuluka kuti shuga atsike, ndipo amapirira choncho zaka ndi zaka munthu osamva kupweteka paliponse. Akayamba kutopa, shuga amakwera osatsikanso. N'chifukwa chake sikelo payokha sinena zonse. Munthu wa miyendo ndi manja owonda koma wa mimba yotuluka akhoza kukhala pangozi kuposa wonenepa m'ntchafu. Tengani tepi, zungulizani chapamchombo, musakokere mimba m'kati. Muyezo wa International Diabetes Federation umati masentimita 94 kwa abambo ndi 80 kwa amayi ndi chenjezo kale. Kwa abambo a ku Asia ndi 90.

Onaninso pakhosi, makamaka kumbuyo, ndi m'khwapa. Ena khungu limada pamenepo, n'kukhuthala ngati litsiro lokana kuchoka ngakhale mutakhula bwanji. Nthawi zambiri chimenechi ndi chizindikiro choti insulini yachuluka m'magazi chifukwa thupi silikuimvera.

Zina simungazisinthe: msinkhu, komanso kukhala ndi kholo kapena m'bale wa bere limodzi wodwala shuga. Koma amayi, apa ndimvereni bwino. Ngati shuga anakwera muli oyembekezera, musatsike mtima chifukwa choti anatsika mutachira. Mimba ija inaulula kuti kapamba wanu amalephera ntchito ikachuluka, ndipo amayi oterowo ndi amene amafunika kuyezedwa pafupipafupi. Chimodzimodzi amene anabereka mwana woposa makilogalamu 4, ndi amene ali ndi vuto la PCOS, lija losokoneza mahomoni ndi msambo.

Kusuta fodya kumawonjezera chiopsezo. Kukhala pansi tsiku lonse, zakumwa zotsekemera, kugona mopereweza, ngakhale mkonono uja wochita kubanika nawo usiku, zonsezi zimakankhira komweko. Mankhwala ena nawonso amakweza shuga, monga prednisolone ndi ena a matenda a maganizo. Musawasiye panokha chonde. Auzeni adokotala kuti shuga wanu ali m'malire, iwo aone chochita.

[Chithunzi: manambala 58 ndi 31]

Mu 2002 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa ku America wotchedwa Diabetes Prevention Program, wa anthu 3,234 a shuga wa m'malire. Gulu lina linathandizidwa kusintha kadyedwe, kuyenda ndawala mphindi 150 pamlungu, ndi kuyesetsa kuchotsa 7 peresenti ya kulemera kwawo. Pakutha pa zaka pafupifupi zitatu, odwala shuga m'gululi anachepa ndi 58 peresenti poyerekeza ndi amene sanalandire chithandizochi. M'gulu lina limene linamwa mankhwala a shuga otchedwa metformin, odwala shuga anachepa ndi 31 peresenti. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo ndi amene anapindula kwambiri ndi kusintha kakhalidwe.

Kwa munthu wa makilogalamu 80, 7 peresenti ndi makilogalamu osakwana 6. Kapepala kaja kasungeni, mulembepo tsiku ndi kukula kwa mimba, ndipo chaka chisanathe mukapite nako pokayezetsanso, kuti adokotala aone ngati nambala ikukwera kapena ikutsika.