Envulopu yofiira ya ku Glasgow ndi madzi a ku Makhanga

Moni nonse amene mukumvera, kaya muli ku Joni, ku Ulaya kapena konkuno kumudzi. Gawo la lero sindikujambulira m'kachipinda kanga ka ku Glasgow, ku Scotland. Ndili patchuthi kwathu ku Bangula, pakhonde pa amayi, ndiye mukamva tambala kapena belu la kabaza musadabwe. Ndi Okutobala, dzuwa la ku Chigwa cha Shire mukulidziwa, n'chifukwa chake ndalawirira kuti ndilankhule foni isanatenthe.

Nkhani ya lero aiyambitsa ndi amalume. Dzana tikudya nsima ya mapira ndi mlamba wowamba, anandifunsa kuti, "Mwanawe, ukamati Lachinayi usiku umakathandiza osowa pogona, ndi anthu ake ati? Othawa nkhondo?" Nditawauza kuti ambiri ndi eni dziko, obadwira mu Glasgow momwemo, anapukusa mutu. Akuti dziko lotitumizira matenti, eni ake n'kumagona pasimenti? Funso lake ndi lomveka, ndipo ndikudziwa kuti ambiri a inu muli nalo.

Ndiyambe ndi mpingo. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo ndimapemphera ku Church of Scotland, kum'mwera kwa mtsinje wa Clyde. Ndinapita kumeneko chifukwa ndinakulira mu CCAP, ndipo Sinodi ya Blantyre inachokera ku mishoni imene mpingo womwewu unatsegula mu 1876. Tchalitchi chake ndi chamiyala, chachikulu, koma Lamulungu timakhalamo ochepa, ambiri a imvi. Kuimba sikufika pa kwathu kuno, izo n'zoona. Koma pa nkhani yothandiza ovutika, anthu ochepawa amagwira ntchito chaka chonse osapuma, ndipo ndalama iliyonse imalembedwa, n'kuwerengedwa poyera pa msonkhano wa pachaka.

Pakhomo pa tchalitchi pamakhala dengu lalikulu. Aliyense polowa amaponyamo chimene wanyamula: chitini cha nyemba, supu, mkaka wokhalitsa, tiyi, sopo, mapadi. Zimenezi zimapita ku food bank, malo amene munthu wopanda chakudya amakalandira phukusi lokwana masiku atatu, atapatsidwa kalata ndi adokotala kapena ogwira ntchito zosamalira anthu. Chopereka cha mu Disembala chimagawidwa pawiri. Theka limapita ku Glasgow City Mission, bungwe limene David Nasmith anayambitsa mu 1826, lomwe limathandiza anthu osowa pogona. Theka linalo limapita ku Shelter Scotland, amene ali ndi alangizi ndi maloya oimira munthu pamene eni nyumba akufuna kumutulutsa. Ine awa achiwiriwa ndimawalemekeza kwambiri, chifukwa kuteteza munthu asanatuluke m'nyumba n'kosavuta kusiyana ndi kumubwezamo atagona kale panja miyezi.

Tsono mumve za kunja kwake. Mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Mvula yake si yamkuntho ngati yathu, imangowaza tsiku lonse, ndipo mphepo yochokera kunyanja imalowa mpaka m'mafupa. Zaka zapitazi, ukadutsa pa Argyle Street, pansi pa mlatho wa sitima wa Central Station, unkapeza mzere wa anthu akudikira chakudya chotentha. Ena amagona pamakomo a masitolo, atayala makatoni. Muli bambo amene ukwati unatha, ntchito n'kuthanso. Muli mnyamata amene anakulira m'manja mwa boma, atakula n'kupezeka alibe kwawo. Muli mayi wothawa nkhanza, wina wongotuluka kundende, ena ogwidwa ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, ena odwala maganizo.

Malamulo a ku Scotland pankhaniyi ndi abwino. Kuyambira kumapeto kwa 2012, aliyense amene wasowa pokhala mosachita kufuna ali ndi ufulu wopatsidwa nyumba yokhazikika, ndipo podikira khonsolo iyenera kumupezera pogona. Vuto ndi loti nyumbazo zikuchepa ndipo lendi yakwera. Mu Novembala 2023 khonsolo ya Glasgow inalengeza poyera kuti mzindawu uli pa vuto ladzidzidzi la nyumba. Choncho ogona pamsewu ndi gawo laling'ono chabe. Ambiri ali m'zipinda za mahotela otchipa, mayi ndi ana ake chipinda chimodzi, popanda pophikira.

Chimene ndinawauza amalume n'chakuti ifenso tinasowapo pogona, koma kusowa kwake n'kosiyana. Mu Januwale 2015, madzi a Ruo ndi Shire atakumana n'kumiza Makhanga, kumene tinkakhala, nyumba yathu inagwa, mbuzi zinapita, nkhokwe inapita. Tinawoloka pabwato kudzagona m'kalasi kuno ku Bangula. Chaka chimenecho anthu oposa 200,000 anasiya nyumba zawo m'dziko muno. Zinali zowawa, udzudzu, kutsegula m'mimba, chimbudzi chimodzi anthu mazana. Komabe tinali mudzi wathunthu. Amfumu anali pomwepo ndi kope la mayina. Mwana akalira, wina ankamunyamula. Amayi akasowa mchere, ankadziwa woti am'pemphe. Bambo amene ndimam'patsa supu ku Glasgow uja anayamba wataya anthu, nyumba inatayika pambuyo. Foni ali nayo, koma woti amuimbire palibe. N'chifukwa chake mayi wina, mkulu wa mpingo amene amatitsogolera Lachinayi, amatikumbutsa kuti tisamangotunga supu n'kudutsa. Tizikhala pansi, tifunse munthu dzina, ndipo sabata yotsatira tilikumbukire. Ndaona ndi maso anga bambo wamkulu akugwetsa misozi chifukwa chongoitanidwa dzina.

Apa ndilankhule ndi inu a Malawi anzanga amene muli kunja, ndi inu amene mukukonzekera ulendo. Malamulo abwino aja sakutikhudza tonse. Viza ya ambiri a ife inalembedwa kuti sitingalandire thandizo la boma, ndipo nyumba ya khonsolo ili m'gulu lomwelo. Kampani imene inakuitana ikalandidwa chiphaso, umapatsidwa masiku 60 kuti upeze ina. Zinam'chitikira mtsikana wina wa kwathu kuno. Lendi inamukanika, anazungulira m'nyumba za anzake, mpaka anadzagona pansi m'chipinda changa, uku kumudzi akum'tumizira mauthenga opempha ndalama ya feteleza. Anabisa kwa nthawi yaitali chifukwa cha manyazi. Nditauza akuluampingo, anam'lipirira chipinda kuchokera m'thumba la ovutika, wina n'kum'perekeza kwa alangizi a zamalamulo, ndipo pano akugwira ntchito. Sanam'funse ngati ndi wa mpingo wathu. Chonde, zikakuvutani nenani msanga. Ndipo inu akumudzi, mwana wanu akakhala chete mwezi wathunthu, muyambe mwafunsa ngati ali bwino musanafunse za ndalama.

Mbali ina ya ntchito ya mpingowu ndi yoyang'ana kunja, ndipo apa m'pamene nkhani imabwerera kwathu. Mwezi wa Meyi uliwonse kumakhala Christian Aid Week, sabata yosonkhetsa ndalama za bungwe lothandiza osauka la Christian Aid, mwambo umene unayamba mu 1957. Timagawana maenvulopu ofiira, ena timakaponya m'makomo mwa anthu, ena timaika m'mabenchi. Amayi amaphika makeke n'kugulitsa, abambo amayala mabuku akale patebulo, masana timadya supu ndi buledi n'kulipira ngati tadya kulesitanti. Ngati woperekayo amakhoma msonkho, amasaina kafomu kotchedwa Gift Aid, ndipo boma limawonjezera 25p pa paundi iliyonse. Mu 2023 nkhani ya sabata imeneyi inali ya alimi a nandolo a ku Malawi, patangotha miyezi iwiri chichitikireni namondwe wa Freddy, amene anapha ndi kusowetsa anthu oposa 1,000 ndi kusamutsa oposa 500,000. Abusa anandipempha kuti ndiime kutsogolo ndifotokoze. Ndinawauza za nandolo, kuti amapirira chilala ndipo amabwezera chonde m'nthaka, komanso kuti mu 2017 dziko la India litachepetsa kugula, mtengo unagwa moti alimi anangounjika matumba m'nyumba.

Tsiku limenelo ndinakhala pafupi ndi agogo ena amene ndimadziwa bwino moyo wawo. Amadalira penshoni yokha. Nyengo yachisanu amatenthetsa chipinda chimodzi chokha poopa bilu ya gasi. Anatulutsa kachikwama, n'kuyamba kuwerenga makobidi, kuika mu envulopu, kumata. Ndawafotokozera amayi kuno kuti ufa, ndowa ndi mabulangete amene timalandira pakampu, gawo lina limachokera m'manja ngati amenewo. Ife timangoona galimoto zoyera ndi anthu a mabaji, ndiye timaganiza kuti kuseri kuli munthu wachuma amene sakumva kuwawa. Amayi anangoti, "Kupatsa n'kuika," ndipo anandifunsa dzina la agogowo kuti aziwatchula popemphera.

Ana a Sande sukulu nawo amasonkhetsera Mary's Meals, bungwe limene Magnus MacFarlane-Barrow anayambitsa atabwera ku Malawi mu 2002. Ofesi yake inayambira m'kashedi ka malata ku Dalmally, koma lero ana oposa 1 miliyoni amamwa phala kusukulu m'dziko muno kudzera mwa iwo. Ndikamalankhula za bungweli ndimaonetsetsa kuti azungu amve mbali imene zithunzi sizionetsa kawirikawiri: ophika phalalo ndi amayi a m'mudzi, amene amadzuka kusanache, kutunga madzi ndi kusonkha moto popanda malipiro. Zithunzi za ana olira, ntchentche zili kumaso, zimandipweteka, ndipo ndinapempha komiti kuti tisamazipachike m'tchalitchi. Anamva.

Pali zinthu ziwiri zimene ndimatsutsana nawo mwaulemu. Choyamba ndi zovala. Freddy atachitika, ena anafuna kusonkhanitsa majekete ndi nsapato kuti atumize pa sitima yapamadzi. Ndinawauza kuti kaunjika ali mbwee pamsika wa Bangula, ndipo ndalama yotumizira katunduyo ingagule malata ambiri. Munthu amene nyumba yagwa amadziwa yekha chimene akusowa. Boma la Scotland, limene pa msonkhano wa zanyengo wa COP26 ku Glasgow mu 2021 linali loyamba kulonjeza ndalama zolipirira zowonongeka ndi kusintha kwa nyengo, linatsata njira imeneyi: kudzera ku bungwe la GiveDirectly, mabanja ena a kuno ku Nsanje analandira ndalama pafoni, n'kumanga nyumba za njerwa kumtunda.

Chachiwiri ndi funso limene limabwera nthawi zonse, lakuti bwanji anthuwo sangosamuka. Ofunsawo sakhala ndi mtima woipa, kungoti dimba sakulidziwa. Kumtunda kuno mvula ndi yochepa, chimanga chimapserera chisanamasule. Madzi akaphwa, nthaka imene asiya m'mbali mwa Shire ndi imene imatipatsa chimanga chachiwiri, mbatata, nyemba ndi maungu, ndipo nsomba za ku Dambo la Njovu ndizo zimalipira fizi. Kum'patsa munthu malo omanga kumtunda popanda munda, mjigo kapena sukulu, abwerera ndithu, ndipo sikuti ndi wosamva. Wothandiza amene wamvetsa izi amasiya kufunsa za kusamuka kokha, amayamba kufunsa za mabwato, za uthenga wochenjeza madzi asanafike, ndi za nyumba yachiwiri pamalo okwera.

Lamulungu lapitali, titaweruka, ndinakhala pansi ndi amayi a Mvano kuno kuti ndimve zoti ndikanene ndikabwerera. Anatchula mjigo umene unakwiririka ndi mchenga, mbewu ya mbatata, ndi denga la kalasi limene linasasuka. Ndalemba zonse. Kenako amayi a tcheya anandifunsa za anthu ogona panja aja, ngati ali ndi zofunda zokwanira. Atamva yankho, anagwirizana kuti aluke madengu ndi zipewa za mlaza, ndikagulitse patebulo la Khirisimasi kutchalitchi, pambali pa mpunga wa Kilombero umene timagulitsa kale. Ndalama yake agawa okha: theka la mjigo, theka la Glasgow City Mission. Ayamba kale kudula mlaza, ndipo ndauza amalume kuti andipezere katoni yolimba.

Gawo likubwerali ndidzakamba za katumizidwe ka ndalama kumudzi ndi mmene mungapewere kuberedwa panjira. Amene muli ndi mafunso, kapena mukudziwa m'Malawi amene wasowa pogona kunjako, nditumizireni uthenga wamawu pa WhatsApp. Tsalani bwino.