Chikhodzodzo Chikuwawa Koma Mumkodzo Simukupezeka Kanthu: Ntchito ya Fomu ya Mafunso

Pali anthu amene pachinena pamawawa chikhodzodzo chikamadzaza, akakodza ululu n'kutsikako. Maantibayotiki amwa kangapo, osasintha. Zikapitirira masabata 6 ndipo mumkodzo mulibe mabakiteriya, madokotala amaganizira matenda a chikhodzodzo otchedwa interstitial cystitis. Palibe kupima magazi kumene kumawaonetsa, n'chifukwa chake amagwiritsa ntchito mafunso olembedwa.



Imodzi mwa mafomu a mafunsowa, yotchedwa O'Leary-Sant, inatuluka mu 1997 ndipo imafunsa za mwezi wathawu basi. Gawo loyamba lili ndi mafunso 4: mkodzo umakupanikizani mwadzidzidzi kangati? Mumabwereranso kuchimbudzi maola awiri asanathe? Usiku mumadzuka kangati? Mumamva kuwawa kapena kuotcha? Mapointi ake amathera pa 20. Gawo lachiwiri limafunsa kuti zinayizi zikukusowetsani mtendere motani, ndipo limathera pa 16. Mukafika 6 m'gawo lililonse, mukufunika kuunikidwa mozama.

Fomu ina ndi yotchedwa PUF ya mu 2002, yofunsa za ululu wa pachinena ndi kukodza pafupipafupi, yothera pa mapointi 35. Imeneyi imafunsanso za ululu pogonana. Musadumphe funsoli chifukwa cha manyazi, chifukwa mapointi atsika n'kusocheretsa dokotala.

Koma tamverani apa: fomu siipeza matenda. Mayi amene ali ndi endometriosis (minofu yonga ya mkati mwa chiberekero ikamamera kunja kwake), kapena bambo wa vuto la prostate (kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo), angapezenso mapointi okwera. Kwathu kuno likodzo liyenera kufufuzidwa kaye, makamaka kwa amene amasamba kapena kuchapa kunyanja ndi m'madambo. Mkodzo wopimira likodzo mupereke pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, nthawi imene mazira a tizilombo ta likodzo amatuluka ambiri. TB ndi matenda opatsirana pogonana nazonso zipimidwe. Mukaona magazi mumkodzo, za fomu zisiyeni, thamangirani kuchipatala.



Ambiri polemba fomu amangokumbukira tsiku limene anavutika kwambiri, ndiye manambala amakwera mopitirira. Choncho kwa masiku 3 lembani nthawi iliyonse imene mwakodza, kuchuluka kwa mkodzo (muyeze ndi botolo lolembedwa mamililita), zimene mwamwa, ndi kukula kwa ululu kuyambira 0 mpaka 10. Chikhodzodzo cha munthu wamkulu chimasunga mamililita 300 mpaka 500. Ngati nthawi zonse mukungotulutsa 100, dokotala aona yekha.

Fomu imene mwadzaza koyamba isungeni. Mukayamba mankhwala mudzadzaza ina, ndipo dokotala adzayerekeza ziwirizo kuti adziwe ngati apitirize kapena asinthe.