Uthenga umene umaima pakhomo

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Lemba la lero ndi 2 Timoteo 2:2. Paulo akuuza Timoteo kuti zimene anamva kwa iye azisiye m'manja mwa anthu okhulupirika, nawonso akaphunzitse ena. Paulo sadzaonana nawo "ena" amenewa, komabe mawu ake awafika.

M'thupi mwanu zimenezi zachitika usiku uno. Simunadye chilichonse, koma ubongo sunasowe shuga. Shuga atayamba kutsika m'magazi, kapamba (pancreas) anatulutsa glucagon, homoni yonyamula uthenga wopita ku chiwindi. Glucagon salowa m'selo la chiwindi ayi, amangogwira pa receptor, puloteni yolandira uthenga imene ili ngati khomo kunja kwa selolo. M'katimo uthenga umapatsiranidwa: puloteni yotchedwa G protein imadzutsa ina, adenylyl cyclase, imene imapanga kamthenga kotchedwa cAMP, ndipo cAMP imamasula enzaimu (puloteni yofulumizitsa ntchito za m'selo) yotchedwa protein kinase A. Kinase ikadzuka, ntchito yake ndi imodzi: kutenga kachidutswa kotchedwa phosphate pa ATP, chonyamula mphamvu m'selo, n'kuimata pa puloteni ina. Protein kinase A imamata pa phosphorylase kinase, iyinso n'kumata pa enzaimu yotchedwa glycogen phosphorylase. Apa m'pamene glycogen, shuga wosungidwa m'chiwindi, amayamba kudulidwa, shuga n'kulowa m'magazi. Kinase imodzi imadzutsa anzake ambiri, n'chifukwa chake glucagon wochepa kwambiri amakwanira. Edmond Fischer ndi Edwin Krebs, amene anatulukira njira yomata phosphate imeneyi ku Seattle, ku America, analandira mphoto ya Nobel mu 1992, ndipo lero tikudziwa kuti munthu ali ndi mitundu ya ma kinase yoposa 500.

Chimene ambiri timachiiwala ndi phosphatase, enzaimu yochotsa phosphate ija uthenga ukafika. Mukangodya kadzutsa, homoni yotsitsa shuga, insulin, imabwera, protein phosphatase 1 n'kutontholetsa phosphorylase, chiwindi n'kuyambanso kusunga. Kinase yosazima ndi matenda. Pa khansa ya m'magazi ya chronic myeloid leukaemia, ma chromosome (tinthu tosunga malangizo a chibadwa m'selo) a nambala 9 ndi 22 amasinthana zidutswa, n'kubadwa BCR-ABL, kinase yolamula maselo oyera kuswana popanda woituma. Mankhwala otchedwa imatinib amaitseka pokhala pamalo pamene ATP imayenera kulowa.

Mu mpingo ozimitsa amasowa kuposa odzutsa. Nkhani ya mlongo amene analakwa n'kulapa kale, ife tikanali kuitumiza m'magulu a WhatsApp, pomwe mawu olimbikitsa amene tinamva Lamulungu athera pa ife.

Tipemphere: Atate, tisonyezeni munthu woti timupatsire mawu anu lero, ndipo nkhani imene ntchito yake inatha itsekeni pakamwa pathu. M'dzina la Yesu, Ameni.