Athokozeni akadali ndi makutu akumva

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Mawu a m'mawa uno tikuwapeza pa Aroma 16:1-16.

Ndime imeneyi ambiri timaidumpha poona kuti ndi mayina okhaokha, ena ovuta ndi kutchula komwe. Lero iwerengeni mosathamanga, cholembera chili m'manja, muzichonga paliponse patchulidwa mayi. Mupeza Febe, Priska, Mariya, Trufena ndi Trufosa, Persida, Yuliya, mlongo wake wa Nerea, komanso amayi ake a Rufo. Paulo analemba kalatayi ali ku Korinto cha m'ma 57 AD, asanapondeko ku Roma. Machaputala 15 adadzaza chiphunzitso chozama, komabe sanalole kuti kalata inyamuke asanawatchule amayiwa.

Chimene chimakhudza mtima ndi katchulidwe kake. Sanangoti amayi nonse a mumpingo Mulungu akudalitseni. Za Febe akunena kuti ndi mtumiki wa mpingo wa ku Kenkreya, doko la mzinda wa Korinto, ndipo anathandiza anthu ambiri, Paulo yemwe ali m'gulumo. Sakuthera pomwepo, akupempha Aroma kuti amulandire bwino ndi kumuthandiza pa chilichonse chimene angasowe. Priska ndi mwamuna wake Akula anaika moyo wawo pachiswe chifukwa cha Paulo. Awa ndi aja ankasoka naye mahema, omwenso anamutengera pambali Apolo, mlaliki wodziwa kuyankhula, ndi kumulongosolera bwino njira ya Mulungu (Machitidwe 18:3, 26). Mariya ndi Persida akuwakumbukira chifukwa cha thukuta lawo pa ntchito. Amayi ake a Rufo akuti anali mayi kwa iyenso. Tangoganizani, mtumwi wamkulu chotere, womenyedwa, womangidwa, woyenda maiko, ankafunabe munthu womuchitira za umayi, ndipo sanachite manyazi kulemba zimenezo m'kalata yokawerengedwa pagulu.

Aliyense akumutchula payekha, ambiri a iwo pamodzi ndi chimene anachita. Kuthokoza kotere ndi kumene kumafika pamtima, ndipo kuli ndi njira yake.

Patulani mphindi 10 musanatsegule mauthenga a pafoni. Gawani moyo wanu m'zigawo: ubwana, zaka za sukulu, chiyambi cha ntchito kapena banja, ndi nyengo imene zinthu zinakuthinani. Pa chigawo chilichonse dzifunseni kuti, ndi mayi uti analipo? Musangofunsa za amene anakukondani. Funsaninso amene anakuphunzitsani kugwira ntchito ndi manja, amene anakudzudzulani inu n'kukwiya koma n'kuwongoka, amene anakutchulani dzina pamalo pomwe inu panalibe mpaka khomo linatseguka. Mayina oyamba amabwera okha, amayi ndi agogo. Khalanibe pansi, chifukwa oiwalika amatulukira mochedwa: mphunzitsi wa kalasi yoyamba, azakhali, namwino wa usiku uja, mayi woyandikana nawo nyumba.

Mukatha, sankhanipo mmodzi yekha wa lero. Munthu akafuna kuthokoza amayi khumi tsiku limodzi amangopeka uthenga umodzi n'kuumwaza kwa onse, ndipo wolandira amadziwa msanga kuti mawuwo sanalembedwere iye.

Uthengawo ukhale ndi zinthu zinayi. Muwatchule monga mumawaitanira. Munene chimene anachita, nthawi yake ndi malo ake. Muonetse kuti mukudziwa chimene iwo anataya pochita zimenezo, kaya tulo, ndalama, mpata wawo kapena mbiri yawo. Kenako munene chipatso chake m'moyo wanu lero. Mizere isanu kapena isanu ndi umodzi yakwana. Mwachitsanzo: "Azakhali, chaka chija ndinalephera mayeso munanditenga kukakhala kwanu miyezi itatu, chipinda n'kuchepa, ndipo simunauzeko munthu nkhani yanga. Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti nanunso zinali zisakuyenda. Lero mwana wanga akalephera, sindimukalipira pagulu. Ndinaphunzira kwa inu." Gawo lachitatulo ndi limene ambiri amalisiya, chonsecho ndi limene limagwetsa misozi, chifukwa amayi ambiri amaganiza kuti zimene anadzimana palibe anaziona.

Ngati mungathe kupita, pitani. Ngati ndi kutali, imbani. Kwa agogo amene maso ayamba kuvuta, mawu a pakamwa aposa zolemba, koma kalata ya pamanja ili ndi ubwino wakuti imasungika, munthu n'kumaiwerenganso tsiku limene wafooka.

Pali zingapo zimene zimaononga ntchito yabwinoyi. Choyamba ndi kuphatikiza pempho. Mukathokoza kenako n'kuti "komanso ndimati mundibwerekeko pang'ono", zonse munanena zija zasanduka nyambo. Pempholo lidikire tsiku lina. China ndi kuthamangira pa Facebook. Kuyamika pagulu sikolakwika, Paulo yemwe anachita, koma yambani mwawauza eni ake, ndipo musaulule mavuto a m'banja mwawo pofuna kuti nkhani yanu ikome. Funsani kaye musanaike chithunzi chawo kapena mbiri ya matenda awo. Musawakwezenso potsitsa wina. Kuuza apongozi kuti aposa amayi anu okuberekani kumawaika pamoto umene sanakoleze.

Yembekezeraninso kuti akana. Ambiri amayankha kuti, "Aa, inali ntchito yanga," kapena kusintha nkhani. Musatsutsane nawo, musabwezenso mawu anu. Ingobwerezani kuti kwa inu chinali chachikulu, mukhale chete pang'ono. Munthu amene wakhala zaka zambiri osayamikidwa amasowa poika mawu otere, amafuna kanthawi.

Cholakwika chimene chimapweteka kwambiri ndi kutamanda kupirira kwa mayi kwinaku tikumusiyira katundu yense pamutu. Timati ndinu olimba, ndinu mzati wa banja, m'mawa mwake yemweyo n'kudzuka yekha kusamalira wodwala. Miyambo 31 imene timakonda kuwerenga poyamika amayi imatha ndi lamulo pa vesi 31: apatsidwe gawo la zipatso za manja ake. Ndiye pamwamba pa mawu ikanipo chinthu chimodzi chogwirika chokhala ndi tsiku lake. Kuwaperekeza kuchipatala Lachinayi, kuwagonera wodwala usiku umodzi pa sabata, kulipira ngongole imene ikuwasowetsa tulo. "Mukafuna chilichonse mundiuze" sikuthandiza, chifukwa mayi wozolowera kupereka sapempha.

Ena mukuwerenga mawuwa mtima ukuwawa, chifukwa amayi anu okuberekani anakusiyani kapena anakuzunzani. Mulungu sakukupemphani kuti muname. Ngati pali chimodzi choona chimene mungathokoze, thokozani chomwecho, osawonjeza. Koma onaninso Eksodo 1 ndi 2. Kuzungulira kubadwa kwa Mose kuli amayi asanu: azamba awiri, Sifra ndi Puwa, amene anakana lamulo la Farao lakupha ana aamuna, amayi ake Yokebedi amene anamubisa miyezi itatu, mlongo wake amene anaima patali kulondera kabokosi ka gumbwa m'mbali mwa mtsinje, ndi mwana wamkazi wa Farao amene anamulera. Womubereka anali mmodzi yekha. Yang'anani bwino, mwina wanu anali m'gulu la anayi enawo. Ndipo pamndandanda wanu musasiyepo amayi amene sanabereke koma analera ana a eni ake. Masiku oyamika amayi amawadutsa, pomwe ntchito anaigwira.

Musazengereze. Pa Machitidwe 9:36-42, Dorika wa ku Yopa atamwalira, amayi amasiye anaimirira m'chipinda chapamwamba akulira, akuonetsa Petro malaya ndi zovala zimene anasoka akadali nawo. Umboni unali wokongola, koma mwini wake anali chigonere. Dorika anaukitsidwa, n'kuwaonanso anthu akewo. Ife mwayi umenewo sitinalonjezedwe mbali ino ya manda.

Ngati amene wabwera m'maganizo mwanu anatsogola kale, chitani zimene Paulo anachitira Timoteo pomukumbutsa chikhulupiriro cha agogo ake Loisi ndi amayi ake Yunike (2 Timoteo 1:5). Auzeni ana anu dzina lake lenileni ndi nkhani imodzi yeniyeni. Alembereni ana ake kapena adzukulu ake, chifukwa nthawi zambiri sadziwa zimene mayi wawo anachitira anthu akunja.

Tiyeni tipemphere. Atate, tikukuthokozani chifukwa cha amayi amene munawaika panjira yathu, otibereka ndi otilera, otiphunzitsa ndi otidzudzula. Tikumbutseni amene tawaiwala. Limbikitsani otopa, chizani odwala, tonthozani amene ana awo sawaimbiranso foni. Tipatseni kulimba mtima kuti dzina limene talemba papepala tilifikire lero dzuwa lisanalowe. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.