Mtambo ukakhala, nafenso tikhale

Mwauka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Mawu athu a m'mawa uno akuchokera pa Numeri 9:15-23, pamene tikumva kuti ana a Israyeli m'chipululu ankanyamuka pokhapokha mtambo ukakwera kuchoka pamwamba pa chihema chopatulika, ndipo mtambowo ukakhala, iwonso ankakhala m'misasa yawo, kaya masiku awiri, kaya mwezi wathunthu, kaya nthawi yoposa pamenepo. Ndimeyi ndaiwerenga kwa zaka zambiri, koma inandilowa mumtima mu December wapitayu, pamene ndinatenga banja langa kuti ana akaone mapiri ndi mlatho wa Luangwa sukulu zitatsekedwa.

Tinanyamuka ku Chipata 5 koloko m'mawa, phiri la Kanjala likuoneka bwino kumbuyo kwathu, kumwamba kuli mbee. Ine ndinali nditalemba ulendo wonse pakapepala: ola lofika ku Katete, ola lodya ku Nyimba, ola lojambula zithunzi pamlatho, chifukwa mtunda wake ndi wa makilomita opitirira 300, ndipo ndinkafuna kuti tikagone kwa abale athu ku Petauke dzuwa lisanalowe. M'galimoto munali amayi a kunyumba, ana athu atatu, ndi apongozi anga, amene anakhala kumbuyo atafumbata kachikwama kawo mwakachetechete.

Ku Katete mapiri a Mphangwe anatilandira atavala nkhungu kumutu, pamene m'munsi mwake chimanga chinali chitangofika m'mawondo, chobiriwira ngati chotsukidwa. Ana anapempha kuti tiime, koma ine ndinayang'ana wotchi ndi kukana. Ku Sinda kunawaza kamvula, ku Nyimba dzuwa linatentha mpaka tinatsitsa magalasi onse pogula nthochi m'mbali mwa msewu. Amene amayenda mu Great East Road nthawi ya dzinja akudziwa kuti nyengo ya kumeneko simvera munthu.

Titadutsa Kachalola, pamene msewu umayamba kukhotakhota m'mapiri potsikira kuchigwa cha Luangwa, kumwamba kunada bii, ndipo mosakhalitsa mvula inagwa ngati akuithira ndi ndowa. Mawaipa ankathamanga koma osathandiza kanthu. Chimene ndinkaona ndi nyali ziwiri zofiira za lole imene inali patsogolo pathu, nazonso zikuzimirira. Amayi a kunyumba anandigwira pamkono nati, "Atate awo, tiyeni tiime pambali." Ine ndinayankha mokalipa kuti tachedwa kale, ndipo ndiyenera kuvomereza pano kuti chimene chinkandiyendetsa sichinali chikhulupiriro, koma kapepala kaja. Apongozi anga ndiwo analankhula modekha kuchokera kumbuyo: "Atate, mtsinje wa Luangwa suthawa ayi. Tidzaupeza uli pomwepo." Pamaso pa apongozi munthu satsutsa kawiri. Ndinapeza malo otakasuka, ndinayatsa mahazadi, n'kuzimitsa injini.

Tinakhala pamenepo pafupifupi ola limodzi, mvula ikuomba padenga mpaka sitinkamvana bwino. Wamng'ono anayamba kulira chifukwa cha mabingu, ndipo ambuya ake anamuika pamiyendo ndi kumufunsa ngati akukumbukira Salimo 121 limene anaphunzira ku Sande sukulu. Mwanayo anayamba monjenjemera kuti, "Ndikweza maso anga kumapiri," ngakhale kuti phiri lililonse linali litabisika m'mvula. Apa mpamene nkhani ya mtambo ija inandibwerera.

Nthawi zambiri timalalikira za Israyeli woyenda, wowoloka nyanja, wolowa m'dziko lolonjezedwa, koma ndimeyi ikubwerezabwereza kunena kuti iwo ankamanga misasa pa lamulo la Yehova, monga momwe ankanyamukira pa lamulo lake. Taganizirani munthu amene wamanga kale katundu, ng'ombe zili zokonzeka, mtima uli ku Kanani, koma m'mawa uliwonse akatuluka m'hema apeza mtambo uli pomwe unali dzulo. Kukhala kumeneko kunali kumvera kofanana ndi kuyenda, ndipo ine ndikuganiza kuti kunali kovuta koposa, pakuti woyenda amaona zipatso za khama lake, pamene wodikira amaoneka ngati waulesi pamaso pa anzake ndi pamaso pake pomwe. Pagulu lino alipo amene akudikira kalata ya ntchito, ena akudikira kuti wodwala wawo adzuke pamphasa, enanso anabzala ndi mvula yoyamba ndipo tsopano akuyang'ana kumwamba tsiku ndi tsiku. Sindikunena kuti kuchedwa kulikonse ndi dzanja la Mulungu, chifukwa kwina timadzichedwetsa tokha ndi ulesi wathu. Koma Yakobo 4:15 akutikumbutsa kuti polinganiza za mawa tizinena kuti Ambuye akalola tidzachita chakuti, ndipo pakapepala kanga kaja mawu amenewa panalibe.

Mvula itakata, mapiri anatulukira amodzi amodzi, nthunzi ikufuka m'zigwa ngati utsi wa m'makhitchini, timitsinje tatsopano tikutsika m'matanthwe. Inswa zinadzaza mumsewu, ndipo anyamata awiri anatulukira m'thengo ndi mbale ya bowa, imene apongozi anagula osanenerera mtengo. Ana amene ndinawakaniza kuima ku Katete anatsika n'kuyamba kuthamangitsa inswa ndi manja, ndipo mpaka lero akamasimba za ulendowo, amayambira pamalo opanda dzina amenewo.

Pamlatho tinafika masana kwambiri. Mlathowu, umene unatsegulidwa mu 1968, unali chilili pa zingwe zake zachitsulo, ndipo pansi pake Luangwa ankayenda wofiira ndi matope a mvula ya kumtunda, akulowera ku Zambezi. Tinagula nsomba zouma ndi dengu limodzi pamsika wa tsidya lija, kenaka tinatembenuka. Ku Petauke tinafika usiku, abale athu atafunditsa nsima ndi mbale kuti isazizire. Pamene ndinayamba kupepesa chifukwa cha kuchedwa, apongozi anga anandidula mawu, natulutsa bowa uja m'kachikwama kawo, nafunsa ngati moto ukadalipo kukhitchini.